Nyumba Yamateyala Anayi

Tinaigula pa okushoni ku Makata,
ambulansi yotopa, chitseko chimodzi chomanga ndi waya.
Anthu ankalimbirana mathirakitala.
Ine ndinangoima kumbuyo kwake
kununkhiza sipiriti yemwe ndinamusiya ku Gulupu.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri
ndinkakwera zoterezi nditakweza diripi m'mwamba,
maso ali pachifuwa cha munthu.
Msewu sindinauonepo.
Ndinkangoumva mumsana.

A Mkwezalamba anati, Nachisale, mutu ukuyenda bwino?
Kenako anagona chagada kunsi kwake,
natuluka ndi girisi m'ndevu:
Injiniyi ikadali ndi mtima.

Bizwick wa ku Ndirande, wowotcherera zitsulo,
anafunsa ngati azule njanji za machira.
Ndinati zisiye, mwanawe, pamenepo ndiye pabedi.
Ambiri anagonapo osafunsidwa kopita.
Ife tigonapo titasankha tokha.

Madzulo aliwonse mapu patebulo,
pensulo kukhutu, magalasi kunsonga ya mphuno,
bambowa akuwerengera malita ngati chakhumi.
Zalewa, Ntcheu, Dedza,
Kasungu komwe anakwatiwa mng'ono wanga osabwerako,
mikungudza ya ku Chikangawa,
mpaka ku Misuku, tikaone mtengo
wa khofi yemwe takhala tikumwa osaudziwa.
Miyezi isanu, akutero,
tibwerere mvula isanawononge milatho.

M'nyumba yotere chinthu chilichonse chigwire ganyu pawiri.
Ndowa ikhalenso mpando.
Zitenje zanga zachisankho zasanduka makatani.
Sola wa ku Limbe wakwera padenga,
zigubu ziwiri zamadzi, jeke, teyala lapadera,
mbaula yagasi yomwe ndimaiopabe.
Mapiritsi awo a shuga ndawawerenga kawiri
n'kuwatsekera m'chitini cha majarini,
anga a mawondo ali m'thumba la Baibulo.

Kabati ya malemu mayi anga yakana kulowa.
Tayesa chammbali, tayesa chogoneka.
Yapita ku Machinjiri pa lole ya eni,
magalasi ake akunjenjemera,
ndipo ndinalira pang'ono kuseri kwa thanki.
Zaka makumi anayi za ku Chilomoni
zakwana m'makatoni asanu ndi limodzi.
Zinazo, kani, tinkangozipukuta fumbi.

Ana akuimba foni mosinthana.
Amayi, anthu atiseka.
Mukasamba kuti? Akakuberani.
Amayi a mvano anabwera ndi mayunifolomu
kudzatipempherera motsitsa mawu
ngati kuti mtembo uli kuchipinda,
koma mayi Kalitsiro potuluka anandinong'oneza:
Mulibe kamalo kena m'menemo?

Loweruka mbandakucha tinapereka makiyi kwa walendi.
Galu wa aneba anatiperekeza mpaka pamlatho.
Ndinakhala kutsogolo.
Kutsogolo, ine!
Galasi lonse langa, Michiru akutsalira kumanzere.

Tinafika pa Kameza.
Mzere wa dizilo unali utazungulira ngati njoka yokhuta,
thankala akuti ili m'njira, ili m'njira,
dzuwa linakwera, linatsika, ili m'njira.
Oyendetsa maminibasi anagonera mawilo owongolera,
wina wa suti akutukwana pafoni.

Ife tinangokoka zitenje.
Ndinayatsa mbaula ija, sinaphulike.
Tiyi woyamba ndinapatsa kondakitala wina
yemwe anasuzumira nati, Mayi, muli wodwala umu?
Ndinati ayi, muli ochira.

Usiku magetsi a ku Chirimba ankaphethira pazenera,
ndege imodzi inatera ku Chileka.
A Mkwezalamba anatsegula kope latsopano,
nanyowetsa pensulo ndi lilime, nalemba:
Tsiku loyamba. Sitinatuluke m'tauni.
Denga silikudontha.

Ndinagona panjanji zija,
chala changa pamkono wawo mwachizolowezi,
kuwerenga kugunda kwa mtsempha.
Ndinafika makumi awiri,
n'kusiya.